Mizere yofiirira pa mapu akale a Zomba

Amalume anga, amene anaphunzitsa jogalafe kwa zaka zambiri pa sekondale ina kuno ku Zomba, anandisiyira chinthu chimene palibe wachibale anachilimbirana pa tsiku logawa katundu wawo. Inali paipi ya pulasitiki yotseka mbali zonse ziwiri, mmene ankasungiramo mapu awo poopa chiswe ndi mphemvu. Paipiyo inakhala pamwamba pa kabati yanga nthawi yaitali osatsegulidwa, kufikira mwezi wathawu pamene alamu anga, amuna awo a mlongo wanga, anabwera kudzandiuza kuti apeza puloti yotsika mtengo m'mbali mwa limodzi mwa mapiri ang'onoang'ono a kummwera kwa tauni, ndipo ankafuna kuti ndikawaperekeze kukaiona asanapereke ndalama.

Mwa mapepala onse amene ndinatulutsa m'paipimo, awiri ndiwo anali a dera lathu lino. Loyamba ndi la nthawi ya atsamunda, ndipo pamwamba pake padakali dzina loti Nyasaland. Lachiwiri linasindikizidwa dziko litalandira kale ufulu, ndipo pakona pake pali nambala yoti 1535 A4. Nambala imeneyi sanangoilemba mwachisawawa, chifukwa 15 akuimira madigiri a kummwera kwa ikweta, 35 akuimira madigiri a kummawa, pamene A4 akusonyeza kachigawo kamene Zomba ali m'bwalo limenelo. Sikelo yake ndi 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi, ndipo milimita imodzi yokha, imene nsonga ya pensulo ingathe kuiphimba, ndi mamita 50.

Mapu ambiri a mtundu umenewu anayamba ndi bungwe la boma la Britain limene linakhazikitsidwa mu 1946 ndi dzina loti Directorate of Colonial Surveys, ndipo mu 1957 linasintha dzina kukhala Directorate of Overseas Surveys. Ndege zinkauluka mizeremizere zikujambula zithunzi zolowana m'mphepete, ndipo akatswiri akayang'ana zithunzi ziwiri zoyandikana kudzera m'magalasi apadera, mapiri ankaoneka otumphuka ngati enieni, moti ankatha kuyeza msinkhu wa malo ali muofesi. Koma zithunzizo pazokha sizikanakwanira pakanapanda anthu amene ankakwera mapiri ndi zipangizo pamutu, kukamanga zizindikiro za simenti pansonga, ndi kufunsa eni dera maina a mitsinje ndi midzi. Ambiri mwa anthu amenewo anali Amalawi, ngakhale kuti m'munsi mwa pepala, mmene analembamo za amene anagwira ntchitoyo, maina awo mulibe. Pambuyo pake ntchito yokonzanso ndi kusindikiza mapuwa inabwera m'manja mwa nthambi ya boma lathu yoona zoyeza malo.

Amalume ankakonda kunena kuti mapu otere ali ndi inki zinayi, ndipo inkizo sizikalamba mofanana. Yakuda, imene imasonyeza nyumba, maina ndi njira, ndiyo imakalamba msanga. Yobiriwira, ya nkhalango, imatsatira pambuyo pake. Yabuluu, ya mitsinje ndi madambo, imapirirako ndithu. Koma yofiirira, ya mizere yokhotakhota imene imalumikiza malo onse a msinkhu wofanana, imene ana asukulu amaitchula kuti makontuwa, imakhalabe yoona ngakhale pepalalo litachita kuyezuka. Nditayala mapepala awiriwo patebulo, pafupi ndi foni ya alamu imene tinatsegulapo Google Earth, pulogalamu yoonetsa zithunzi za malo zojambulidwa kuchokera kumwamba, ndinaona kuti amalume aja sankanama.

Inki yakuda ya pa pepala la atsamunda imasonyeza Zomba wamng'ono kwambiri, wokhala ngati wakhoma msana m'tsinde mwa phiri. Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda m'dziko muno, anasankha malowa kukhala likulu la boma mu 1891, atapeza nyumba ya kazembe imene John Buchanan anamanga mu 1886, yomwe pambuyo pake inadzakhala Hotel Masongola. Munthu ukamatsata mizere yofiirira kuchokera kumtunda kutsikira kumunsi, umaona kuti tauni inayalidwa potsata msinkhu wa malo ndiponso potsata khungu la anthu. Nyumba za azungu ndi maofesi a boma zinali kumtunda kozizira, kumene udzudzu unali wochepa ndipo madzi a mtsinje wa Mulunguzi ankafika asanadetsedwe. Masitolo a amwenye anali m'mphepete mwa msewu waukulu. Anthu akuda, amene ankagwira ntchito m'nyumba ndi m'maofesi amenewo, ankakhala kumunsi cha ku mtsinje wa Likangala kapena m'midzi yozungulira, imene pamapu imangooneka ngati timadontho takuda tomwazikana.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi kukula kwa malo abwino amene boma linatenga kalekale. Kambi ya asilikali ya Cobbe, ndende yaikulu, malo a apolisi, chipatala chachikulu, chipatala cha odwala matenda a ubongo, nyumba ya boma, bwalo la gofu ndi munda wa zomera umene Alexander Whyte anayambitsa, zonsezi zinakhala pamalo amene mizere yofiirira ndi yotalikirana, pamene madzi sajenga komanso satsetsereka mwaukali. Kumtunda kwake kuli nkhalango yotetezedwa ya phiri la Zomba, imene inakhazikitsidwa mu 1913. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Chirunga kuchokera ku Blantyre, ndipo nayonso inatenga chigawo chachikulu cha malo athyathyathya. Choncho munthu wamba amene anabwera mumzinda muno pambuyo pake kudzafuna ganyu kapena kudzachita geni anapeza kuti pabwino ponse pali kale mwini, ndipo chimene chinamutsalira ndi m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mbali mwa mapiri.

Ambiri amaganiza kuti Zomba anafota likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, makamakanso Nyumba ya Malamulo itatsatira mu 1994. Akalembera amanena zina. Mu 1966 m'tauni muno munali anthu osakwana 20,000, ndipo mu 1977 anali pafupifupi 24,000. Pofika 1987 anali atapitirira 43,000, mu 1998 anali pafupifupi 66,000, mu 2008, chaka chimene Zomba anakwezedwa kukhala mzinda, anali pafupifupi 88,000, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 105,013. Ndiye kuti tauni inakula kwambiri itasiya kukhala likulu kusiyana ndi nthawi yonse imene inali likulu. Tisaiwalenso kuti chiwerengerochi ndi cha okhawo okhala mkati mwa malire a mzinda, pamene enanso ambiri amanga kunja kwa malirewo, pamalo a mafumu, koma amagwira ntchito, kugula ndi kutunga madzi ngati anthu a m'tauni.

Anthu onsewo anapita kuti? Foni ya alamu inayankha funsoli mosavuta. Ku Chinamwali, m'mbali mwa msewu wa M3 wopita ku Liwonde, malata adzaza kuchokera kumsewu mpaka kukwera m'miyala. Ku Chikanda, pafupi ndi sukulu ya ukachenjede, nyumba zinapanikizana chifukwa aliyense amene anali ndi kamalo anamanga zipinda zochititsa lendi kwa ophunzira. Ku Mpondabwino ndi ku Sadzi nyumba zinawoloka Likangala n'kuyamba kukwera zitunda za kummwera. Ku Matawale kokha ndiko misewu imaoneka yowongoka ndi mapuloti ofanana, chifukwa kumeneko mapulani anafika nyumba zisanafike. Ndikaika chala pa malo amenewa pa pepala la 1535 A4, pambiri ndimangopeza timadontho towerengeka, kanjira ka miyendo, ndi mizere yofiirira yopanda chilichonse pakati pake.

Pamwamba pa phiri ndi pamene ndinachedwapo kwambiri. Aliyense amene anakwerako ndi msewu wa ku Ku Chawe amalidziwa damu la Mulunguzi, lija lili pakati pa mitengo ya paini, limene anthu amakonda kukajambulitsapo zithunzi za ukwati. Pa mapu a amalume damu limenelo palibe. Pali kadziwe kakang'ono ka damu lakale, ndi mzere wabuluu wa mtsinje ukutsika m'chigwa chopapatiza. Damu lalikulu linamalizidwa cha m'chaka cha 2000, pamene zinaonekeratu kuti lakalelo silikanathanso kumwetsa tauni m'miyezi ya chilimwe, ndipo limasunga madzi oposa makyubiki mita 3 miliyoni, ndiye kuti malita oposa 3 biliyoni. Bungwe la Southern Region Water Board, limene likulu lake lili konkuno ku Zomba, ndilo limayang'anira madziwo. Mwayi waukulu wa mzinda uno ndi woti madzi ake ali kumwamba. Tauni ili pa msinkhu wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Malumbe, yaitali kuposa zonse paphiripo, imapitirira pang'ono mamita 2,000, choncho madzi amatsika okha m'mapaipi mwa kulemera kwawo, osati monga ku Blantyre kumene amachita kuwapopa ndi magetsi kuchokera ku Shire.

Ndinatenga pepala loonekera, n'kujambulapo maonekedwe a damulo monga likuonekera pafoni, kenaka n'kuchepetsa chojambulacho kuti chifanane ndi sikelo ya mapu. Nditachisanjika pa pepala lakale lija, gombe la damu linagona motsatira mizere yofiirira, kulowa m'makhwawa mmene mizereyo ikulowa ndi kutuluka pamene mizereyo ikutuluka. Zimenezi n'zosadabwitsa kwa amene anaphunzira, popeza madzi odekha amakhala pa msinkhu umodzi ponseponse, ndipo m'mphepete mwake simungachitire mwina koma kukhala kontuwa. Komabe zinandigwira mtima kuona kuti damu limene linamangidwa zaka zambiri mapuwo atasindikizidwa kale linali litajambulidwa pamenepo, likungodikira khoma. Mainjiniya amene anasankha malowo anawerenga mizere yomweyi: anafuna pamene mbali ziwiri za chigwa zayandikana kuti khoma likhale lalifupi, ndi pamene chigwacho chatambasuka kumbuyo kwake kuti madzi achuluke.

Inki yobiriwira ndiyo yandikhumudwitsa. Pepala la amalume limapaka pafupifupi pamwamba ponse pa phiri ndi m'mbali mwake mtundu wa nkhalango, ina yachilengedwe, ina yobzalidwa, makamaka paini wochokera ku Mexico amene a zankhalango anadzaza paphiripo kuti azicheka matabwa. Lero ukayang'ana phirilo uli pamsika waukulu, umaona zigamba za dazi zimene moto wolusa, macheka ndi nkhwangwa zasiya. Sindikufuna kuloza chala amayi amene amatsika ndi mitolo ya nkhuni m'mawa uliwonse, kapena anyamata amene amasenza matabwa pamutu, chifukwa nkhuni ndi makalawo timagula ndife a m'tauni, ndipo matabwawo ndi amene akhoma madenga a nyumba zatsopano zija. Koma kugwirizana kwa zinthuzi n'koonekeratu pamapu kuposa pamaso. Dera lonse limene madzi ake amathera m'damu la Mulunguzi ndi laling'ono, moti munthu angathe kulizunguliza ndi pensulo potsata misana ya zitunda. Mitengo ikachoka m'dera limenelo, mvula imathamanga pamwamba pa nthaka m'malo molowa pansi, imakokolola dothi n'kukalisiya m'damu, ndipo akasupe amene amadyetsa mtsinje m'mwezi wa Okutobala amafooka. Tauni imene ikukula kumunsi ikudya denga la nkhokwe yake yomwe ya madzi.

Kunena zoona, si ponse pamene pobiriwira pachepa. Phiri la Sadzi linafika poyera mbee, ndipo madzi ndi miyala zinkatsikira m'nyumba za anthu nthawi ya dzinja, koma anthu a m'deralo atagwirizana zoleka kulima ndi kudula mitengo pamwamba pake, zitsa zinaphukanso ndipo phirilo labiriwiranso. Pamenepo chithunzi cha pafoni chayamba kubwerera ku zimene pepala lakale limasonyeza.

Tsopano ndibwerere ku puloti ya alamu. Pa mapu a mtundu uwu, kuchoka pa mzere wofiirira umodzi kufika pa wotsatira ndiye kuti wakwera mafiti 50, amene ndi mamita pafupifupi 15. Ngati mizere iwiri yatalikirana milimita imodzi yokha papepala, ndiye kuti pamtunda wa mamita 50 nthaka yakwera mamita 15, ndipo pamalo potero munthu sangamange popanda kudula phiri ndi kumanga khoma lotchinga dothi. Chachiwiri chimene amalume ankatiphunzitsa ndi choti mizereyi ikamadutsa pakhwawa imapindika ngati nsonga ya muvi, ndipo nsongayo nthawi zonse imaloza kumtunda. Ukaona nsonga zotere zitandandalikana, ina pamwamba pa inzake, udziwe kuti pamenepo ndi njira ya madzi, ngakhale wojambula mapu asanaikepo mzere wabuluu, ngakhalenso utapitapo m'chilimwe n'kupeza pouma gwa.

Tisananyamuke ndinawachenjeza alamu za chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri. Manambala a malo amene foni imapereka sagwirizana ndendende ndi a pa mapu akalewa, chifukwa mapuwa anayezedwa pa maziko otchedwa Arc 1950 pamene GPS, njira imene foni imadziwira malo, imagwiritsa ntchito maziko ena otchedwa WGS 84, ndipo kusiyana kwake kuno kwathu kumafika mamita 200 kapena 300. Pa sikelo ya 1:50,000 amenewo ndi mamilimita ochepa chabe, koma paphiri ndi okwanira kukuchotsa pamsana pa chitunda n'kukuika m'khwawa. Choncho sitinadalire manambala okha. Tinaima papulotipo, n'kutembenuza pepala kufikira nsonga za mapiri zimene tinkaziona ndi maso zitagwirizana ndi za papepala, kenaka n'kutsata kumene mtsinje wa kumunsi wakhotera.

Pulotiyo inali pakatikati pa nsonga za muvi zinayi zotsatizana. Wogulitsa, bambo waulemu wake ndithu, anatiuza kuti chikhalireni iye kumeneko madzi sanadutsepo, ndipo ndikukhulupirira kuti sankanama, popeza anatiuzanso kuti anafika m'deralo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Koma kumtunda kwa pulotiyo kunali miyala ikuluikulu yobulungira, ina yaikulu ngati thumba la chimanga, ina yoposa ngolo, itandandalika motsata khwawa lomwelo, ndipo miyala yotero siimera pamalo ngati bowa. Inachita kubwera, ndipo chimene chinaibweretsa chimadziwa njira.

Anthu a ku Zomba sitifunika kuphunzitsidwa ndi alendo za zimenezi. Mu Disembala 1946 kunagwa mvula yoposa mamilimita 700 m'masiku osakwana awiri, mbali zina za phiri zinagumuka, ndipo matope, miyala ndi mitengo zinatsika m'mitsinje n'kukokolola milatho, nyumba ndi anthu. Agogo athu ankati kunadutsa Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chimati chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula chilichonse chili panjira yake. Ena amaseka nkhani imeneyi, koma ine ndimaona kuti akuluakuluwo anasunga mfundo yeniyeni m'nthanoyo, yoti Napolo ali ndi njira zake ndipo amabwerera momwe anadutsa kale, n'chifukwa chake sankamanga m'makhwawa. Njira zimenezo ndi zomwezi zimene mizere yofiirira imajambula. Mu 1946 m'makhwawa ambiri munalibe nyumba. Zimene zinachitika ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche ku Blantyre, pamene namondwe wa Freddy anafika mu Malichi 2023 n'kupha anthu mazanamazana m'chigawo chakummwera, zinaonetsa chimene chimachitika njira zoterozo zikadzaza mabanja.

Alamu sanakondwe nazo zonsezi, ndipo sindiwaimba mlandu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Alamu, inu mukuwerenga pepala la azungu la makedzana, koma ine ndikuwerenga m'thumba mwanga. Puloti ya pamalo abwino ndalama yake ndiipeza kuti?” Funso limenelo ndilibe nalo yankho lokhutiritsa, ndipo ndikuganiza kuti ndilo funso lenileni la mzinda uno. Munthu samanga m'khwawa chifukwa chosadziwa kokha. Amamangamo chifukwa lendi yamulemera, mapuloti ovomerezeka ndi ochepa ndiponso okwera mtengo, ndipo wogulitsa malo otsetsereka amalola kulipira pang'onopang'ono. Kuuza munthu wotere kuti asamange, popanda kumusonyeza pena pomanga, n'chimodzimodzi kumuuza kuti akhale pa lendi mpaka imfa. Chimene ndinawayankha n'choti ngati kuli kumanga paphiri, ndi bwino kufuna pamsana pa chitunda, pamene mizere imapindika moloza kumunsi ndipo madzi amagawikana kupita uku ndi uku, kusiyana ndi pamene madzi a mbali zonse amakumana. Ndinawawerengeranso mtengo wa khoma lotchinga dothi, ngalande ya simenti ndi kusenzetsa njerwa ndi mchenga pamutu kuchokera pamene galimoto imathera, ndipo kutsika mtengo kwa pulotiyo kunayamba kuchepa mphamvu.

Pali chinthu chinanso chimene mizere yomweyi inatiuza. Popeza madzi a m'mipopi ya Zomba amayenda mwa kulemera kwawo, nyumba imene yakwera kwambiri pa phiri lina la kutali ndi mathanki ndiyo imayamba kusowa madzi mphamvu yake ikachepa m'mapaipi. Amayi amene tinakumana nawo akukwera ndi zidebe pamutu kuchokera ku kiyosiki ya kumunsi anali umboni wokwanira. Mlongo wanga, amene anali chete nthawi yonseyi, anawayang'anitsitsa amayiwo mpaka anakalowa kuseri kwa nyumba, ndipo ndikuganiza kuti nkhani ya pulotiyo inathera pamenepo, osati pa mapu anga.

Madzulo ake alamu anajambula pepala la 1535 A4 ndi foni yawo, chigawo ndi chigawo, nati akufuna azikaliona okha akamayendera malo ena. Ine ndinakulunga mapepala aja n'kuwabwezera m'paipi, koma sindinaibwezerenso pamwamba pa kabati. Sabata yatha ndinadutsanso m'dera lija pa ulendo wina, ndipo ndinapeza kuti puloti ija inagulidwa ndi munthu wina. Anyamata atatu anali kukumba maziko, ndipo miyala yobulungira ija anali ataiphwanyaphwanya n'kuiunjika pambali kuti ikalowe m'mazikomo.